José P. Laurel: kodi anapereka dziko la Philippines kwa Ajapani kapena analitchinjiriza?

Funso: Ndakhala ndikuwerenga za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ku Asia ndipo zandisokoneza. Buku lina likuti pulezidenti wa Philippines pa nthawi ya nkhondoyo anali Manuel Quezon, lina likuti José P. Laurel. Laurel yemweyo ena akumutcha chidole cha Ajapani, koma ndikuonanso kuti nkhondo itatha anthu anamuvotera mwaunyinji. Kodi munthuyu anali ndani, ndipo anapereka dziko lake kapena ayi?

Yankho: Mabuku onse awiriwo sakunama. Kuyambira pa 14 Okutobala 1943 mpaka mu Ogasiti 1945, dziko la Philippines linali ndi apulezidenti awiri nthawi imodzi. Quezon anali atathawira ku America ndi boma lake lotchedwa Commonwealth, ndipo atamwalira ndi chifuwa chachikulu ku Saranac Lake pa 1 Ogasiti 1944, mpando wake unapita kwa Sergio Osmeña. Laurel ndiye anali ku Manila, m'nyumba ya boma ya Malacañang, akutsogolera boma limene Ajapani anakhazikitsa.

Pa funso lanu lachiwirilo, lekanitsani boma ndi munthu. Bomalo linali la Ajapani. Ndiwo analilola kuti likhalepo, ndipo mfuti, madoko, njanji ndi ndalama zonse zinali m'manja mwawo. Apa palibe chokanganirana. Koma Laurel mwiniwakeyo tiyenera kumuweruza poona zimene anasaina ndi zimene anakana. Ine ndikaziona zonsezo, dzina loti wopereka dziko silimukwana, ngakhale pali zinthu zolemera zimene omuikira kumbuyo amakonda kuzilumpha.

Anabadwira ku Tanauan m'chigawo cha Batangas pa 9 Malichi 1891, dzikolo likadali m'manja mwa Spain. Bambo ake, Sotero Laurel, anali m'boma lomenyera ufulu la Emilio Aguinaldo, ndipo anasaina nawo malamulo oyendetsera dziko a ku Malolos mu 1899, Aamerika asanaligwetse bomalo ndi nkhondo. Choncho José anakula akudziwa kuti Aamerika nawonso analowa ndi mfuti. Musaiwale zimenezi, chifukwa pofika 1941 Philippines inali isanadziimire payokha. Inali ndi boma lakelake kuyambira 1935, koma mbendera ya America inali ikadali pamwamba, ndipo ufulu weniweni anali atalonjezedwa kuti adzaulandira mu 1946.

Anaphunzira zamalamulo pa University of the Philippines, n'kumaliza mu 1915, kenako anakatenga digiri ya udokotala wa zamalamulo ku Yale mu 1920. Ali ndi zaka 32 anali kale nduna ya zam'dziko pansi pa bwanamkubwa wa ku America, Leonard Wood. Mu 1923 wapolisi wina wachizungu ku Manila, Ray Conley, anaimitsidwa ntchito pomuganizira kuti ankalandira ziphuphu kwa otchova juga. Wood analamula kuti abwezeretsedwe pantchito. Laurel anatula pansi udindo, ndipo mu Julaye chaka chomwecho nduna zinzake za Chifilipino zinamutsatira. Dzina lake linamveka kuyambira pamenepo monga munthu wosaopa mzungu. Anapambana mpando wa ku Senate mu 1925, Claro M. Recto n'kumulanda mu 1931. Pa msonkhano wolemba malamulo oyendetsera dziko a 1935, iye ndiye anatsogolera gawo lonena za ufulu wa nzika, ndipo mu Febuluwale 1936 Quezon anamusankha kukhala woweruza m'bwalo lalikulu la milandu.

Zigamulo zake za pabwalo limeneli amaziphunzitsabe mpaka lero m'sukulu za zamalamulo ku Philippines. Pa mlandu wa Angara ndi Electoral Commission mu 1936 anafotokoza mphamvu ya makhoti younika ngati nthambi zina za boma zadumpha malire. Koma umene umaonetsa bwino maganizo ake ndi wa Calalang ndi Williams wa 1940. Boma linaletsa ngolo zokokedwa ndi nyama kuyenda pa misewu iwiri ya pakati pa Manila, Rosario ndi Rizal Avenue, pa maola ena a tsiku, pofuna kuchepetsa kuthithikana. Wodandaula anati lamuloli likuphwanya ufulu wa anthu wamba amene amadyera ngolozo. Laurel anagamula mokomera boma, n'kulemba kuti ufulu wa munthu mmodzi umagonjera ubwino wa anthu onse, ndipo boma lili ndi udindo woonetsetsa kuti palibe gulu lopondereza linzake. Anali munthu wokhulupirira boma lamphamvu ndi nzika zomvera, ndipo ankasirira mwambo wa Ajapani pa zimenezi. Yunivesite yaikulu ya ku Tokyo inamulemekeza ndi digiri mu 1938, ndipo mwana wake wina, José III, anaphunzira pa sukulu ya usilikali ku Japan. N'chifukwa chake Ajapani atalowa anamuona ngati munthu wawo.

Nkhondo inafika pa 8 Disembala 1941. Pa 24 Disembala Quezon ndi General Douglas MacArthur anasamukira pa chilumba cha Corregidor. Laurel, amene anali atangopatsidwa kumene unduna wa zachilungamo, anauzidwa kuti atsale ku Manila pamodzi ndi Jorge Vargas kuti akalandire Ajapani ndi kuteteza anthu. Malinga ndi mmene Laurel ndi anzake anafotokozera pambuyo pake, langizo linali lakuti achite zimene akakamizidwa, koma asalumbire kuti adzakhala okhulupirika kwa Japan. Ajapani analowa mu mzindawo pa 2 Januwale 1942, ndipo pa 23 Januwale anakhazikitsa bungwe loyendetsa dziko lotsogozedwa ndi Vargas. Laurel anayang'anira zachilungamo, kenako zam'dziko.

Kukana kunali kotheka, ndipo mtengo wake unkadziwika. José Abad Santos, mkulu wa oweruza, anagwidwa ku Cebu, anakana kugwira ntchito ndi Ajapani, ndipo anamuwombera ku Malabang mu Meyi 1942. Aliyense wofuna kunena kuti Laurel analibe pothawira ayenera kuyamba wakumbukira munthu ameneyu. Chinanso chimene chimamulemera Laurel n'chakuti unduna wa zam'dziko ndiwo unkayang'anira apolisi amene ankatumizidwa kukasaka ankhondo a m'tchire, komanso magulu a mabanja oyandikana amene anakhazikitsidwa kuti azilondana okhaokha, wina akalakwa onse n'kuyankha mlandu. Ankhondo a m'tchirewo sanamuone ngati chishango. Pa 5 Juni 1943 akusewera gofu pa bwalo la Wack Wack ku Mandaluyong, munthu wina anamuwombera kangapo ndi mfuti ya m'manja. Anapulumuka ku chipatala cha Philippine General Hospital. Apolisi ankhondo a Ajapani, a Kempeitai, atabweretsa woganiziridwa pambali pa bedi lake, Laurel anakana kumuloza. Kuwomberedwako kunangowonjezera chikhulupiriro cha Ajapani pa iye, ndipo mwezi womwewo anamuika kukhala wapampando wa komiti yolemba malamulo a dziko latsopano. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, anavomera.

Onani mmene boma limenelo linamangidwira, chifukwa ndi pamene pamaonekera kuti silinachokere kwa anthu. Zipani zonse zinali zitathetsedwa mu Disembala 1942, n'kutsala gulu limodzi lotchedwa KALIBAPI. Malamulo atsopanowo anasainidwa pa 4 Seputembala 1943, ndipo amene anawavomereza patapita masiku atatu anali nthumwi za KALIBAPI, osati mavoti a anthu. Nyumba ya malamulo inali ndi aphungu 108. Theka lawo anasankhidwa ndi nthambi za KALIBAPI, theka linalo anali abwanamkubwa a zigawo ndi mameya a mizinda, amene ankalowa chifukwa cha maudindo awo. Koma abwanamkubwa ndi mameyawo ankasankhidwa ndi pulezidenti, ndipo pulezidenti ankasankhidwa ndi nyumba yomweyo. Pa 25 Seputembala nyumbayi inasankha Laurel, sipikala wake n'kukhala Benigno Aquino Sr. Tsiku lolumbira, Aguinaldo ndi Artemio Ricarte, akuluakulu a nkhondo yakale yomenyera ufulu, ndiwo anakweza mbendera. Kenako panasainidwa pangano laubwenzi limene linapatsa asilikali a Japan ufulu wogwiritsa ntchito malo ndi zipangizo za dzikolo pa nkhondo yawo. Chokhacho chimene olemba malamulowo anadzisungira ndi ndime yonena kuti pasanathe chaka nkhondo itatha, anthu adzasankha nthumwi zolemba malamulo ena.

Nkhani yaikulu pa moyo wake wonse ndi yolengeza nkhondo. Asanalumbire, anamuitanira ku Tokyo pamodzi ndi Vargas ndi Aquino, ndipo nduna yaikulu Hideki Tojo anamupempha kuti dziko latsopanolo lilengeze nkhondo yolimbana ndi America ndi Britain. Burma pansi pa Ba Maw inali italengeza kale pa tsiku limene inalandira ufulu wa mtundu womwewo mu Ogasiti 1943, Burma yomwe ija asilikali a King's African Rifles (KAR) ochokera ku Nyasaland anakamenyako Ajapani chaka chotsatira. Laurel anakana, ponena kuti Afilipino sangamutsatire ndipo boma lingagwe lisanaime. Anabwereranso ku Tokyo pa msonkhano wa atsogoleri ogwirizana ndi Japan pa 5 ndi 6 Novembala 1943, n'kulankhula mawu otamanda mgwirizano wa anthu a ku Asia, mawu amene adzamutsate mpaka kukhoti. Koma nkhondo sanalengeze kwa pafupifupi chaka chathunthu.

Pa 21 Seputembala 1944 ndege za America zinaphulitsa mabomba ku Manila, ndipo mpata wozengereza unatha. Laurel anaika dziko pansi pa malamulo a nthawi ya nkhondo, kenako anatulutsa chilengezo nambala 30, chimene chinayamba kugwira ntchito pa 23 Seputembala. Monga loya, anasankha mawu mosamala: analemba kuti nkhondo ilipo kale pakati pa Philippines ndi maiko awiriwo, osati kuti dziko lake likuiyambitsa. Nyumba ya malamulo, imene inatseka zokambirana zake mu Febuluwale chaka chimenecho, sinakumanenso kuti ivomereze. Ndipo chachikulu koposa, ananena poyera kuti palibe Mfilipino amene adzalembedwe usilikali mokakamiza. Kulengeza nkhondo popanda asilikali kunalibe phindu kwa Ajapani. Apa m'pamene ndimaona kuti anachita chinthu chogwirika. Akanalola, anyamata ambirimbiri akanaikidwa kutsogolo kwa mfuti za MacArthur, amene anakocheza ku Leyte pa 20 Okutobala, komanso akanawomberana ndi abale awo a m'tchire.

Umboni wakuti Ajapani anakhumudwa naye ndi zimene Ajapaniwo anachita pambuyo pake. Pa 8 Disembala 1944 anakhazikitsa gulu lawolawo lonyamula zida la Makapili, lotsogozedwa ndi Benigno Ramos, Pio Duran ndi Ricarte, lomvera asilikali a Japan mwachindunji, Laurel asakufuna. A Makapili ndi amene anthu amawakumbukira atavala zikwama zoluka kumutu, zoboola pamaso pokha, akuloza anthu oti agwidwe.

Pa nkhani ya chakudya ndiye analephera, ndipo zifukwa zake zimadziwika. Nkhondo isanayambe dzikoli linkaonjezera mpunga wake pogula kunja, koma zombo zinali zikumizidwa panyanja. Njati zolimira zambiri zinaphedwa. Ajapani anakakamiza alimi ena kubzala thonje m'minda ya nzimbe, ndipo asilikali awo ankatenga mpunga woyamba. Mu Novembala 1943 mphepo yamkuntho ndi madzi osefukira zinaononga mbewu pakati pa chilumba cha Luzon, komwe kuli nkhokwe ya dzikolo, ndipo kumeneko ankhondo a m'tchire otchedwa Hukbalahap ankaletsa alimi kupereka zokolola kwa adani. Laurel anathetsa bungwe lakale logula mpunga la NARIC, limene anthu ankaliona ngati la Ajapani, n'kukhazikitsa la BIBA. Vuto linali pa mtengo. Boma linkagula pa mtengo woikika, kulipira ndi ndalama zapepala zimene asilikali a Japan ankangosindikiza popanda chozichirikiza, zomwe anthu anazitcha ndalama za Mickey Mouse. Mu 1942 pepala lalikulu linali la mapeso 10. Pofika 1944 kunali la 100 ndi la 500, kenako la 1,000. Mlimi wanzeru sakanapereka thumba la mpunga posinthana ndi mapepala oterowo, choncho ankabisa kapena kugulitsa mwamseri. Boma linalimbikitsa kubzala mbatata, chinangwa ndi ndiwo zamasamba pamalo paliponse, linatsegulanso malo ophikira anthu ovutika, koma chakumapeto kwa 1944 anthu ankafa ndi njala m'misewu ya Manila. Sanathenso kuletsa Kempeitai kuzunza anthu ku ndende ya Fort Santiago ku Manila. Amene anawapulumutsa anali mmodzimmodzi, makamaka odziwika, monga Manuel Roxas, amene anamuika m'boma lake kuti Ajapani asamukhudze.

Chakumapeto kwa Disembala 1944 Ajapani anasamutsira Laurel ndi nduna zake ku Baguio, moti sanalipo pamene anthu wamba pafupifupi 100,000 anafa pa nkhondo ya mu Manila mu Febuluwale ndi Malichi 1945. Kuchokera ku Baguio anamutengera ku Taiwan, kenako ku Nara ku Japan, komwe anathetsa boma lake pa 17 Ogasiti 1945. Aamerika anamumanga mu Seputembala, n'kumusunga ku Yokohama kenako ku ndende ya Sugamo. Atamumana mapepala, analemba mbiri yake ya m'nkhondo m'mphepete mwa masamba a buku limene anamupatsa kuti aziwerenga. Mukamawerenga zolembazo kumbukirani kuti ndi mawu a mkaidi amene akukonzekera mlandu wake.

Anabwerera ku Manila pa 23 Julaye 1946, dziko litalandira ufulu pa 4 Julaye, ndipo anamutsegulira milandu yoposa 100 youkira dziko pa bwalo lapadera la People's Court. Pa zamalamulo zinthu sizinamukomere kwenikweni. Oimbidwa milandu ambiri ankadalira mfundo yakuti dziko likalandidwa ndi adani, udindo wa nzika wokhala wokhulupirika ku boma lake umaima kaye. Bwalo lalikulu linaikana mfundo imeneyi mu Januwale 1947 pa mlandu wa Laurel ndi Misa. Chenjerani pamenepa, chifukwa Laurel wa mlandu umenewu anali munthu wina, Anastacio Laurel, osati pulezidenti. Komabe bwalo lomwelo linali litagamula kale mu 1945, pa mlandu wa Co Kim Cham, kuti zigamulo za makhoti a nthawi ya Ajapani pa milandu wamba zikhalebe zogwira ntchito, popeza boma limenelo ndilo linkalamuliradi, ndipo anthu sakanasiya kukwatirana, kugulitsana malo ndi kusumirana.

Mlandu wa Laurel sunafike pa chigamulo. Pa 28 Januwale 1948 pulezidenti Roxas analengeza chikhululukiro kwa onse amene anagwira ntchito ndi Ajapani pa ndale ndi pa malonda, kupatula azondi, onyamula zida ndi opha anthu. Apa pali chinthu chimene sindingachibise. Roxas yemweyo anali m'boma la Laurel, ndipo MacArthur anamuyeretsa yekha mu Epulo 1945 pamene nduna zinzake zinkatsekeredwa. Pa milandu yoposa 5,000 imene inatsegulidwa, opezeka olakwa sanakwane 200, ndipo ambiri anali anthu wamba. Akuluakulu anakhululukirana okhaokha, ang'onoang'ono ndiwo anatsala m'ndende. Chikhululukirocho chinamulandanso Laurel mwayi woti khoti linene kuti ndi wosalakwa, n'chifukwa chake mkanganowu ulipobe.

Yankho linachokera ku mavoti. Mu 1949 anaimira chipani cha Nacionalista pa chisankho cha pulezidenti polimbana ndi Elpidio Quirino, amene anali pampando. Quirino anapeza mavoti pafupifupi 1.8 miliyoni, Laurel 1.3 miliyoni, pa chisankho chimene chimadziwika ndi kubera mavoti ndi ziwawa, moti kwawo ku Batangas ena anatenga zida kwa kanthawi. Mu 1951 anaima pa Senate n'kuposa onse ndi mavoti oposa 2 miliyoni. Ovotawo anali anthu omwe aja anaona njala ndi Kempeitai ndi maso awo, ndipo ambiri a iwo nawonso anachita kugonja apa ndi apo kuti akhale ndi moyo. Sizitanthauza kuti anamuyeretsa pa zonse, koma zikuonetsa kuti sankamuika m'gulu limodzi ndi a Makapili.

Mu 1952 anakhazikitsa sukulu ya Lyceum of the Philippines. Mu 1953 anasiya mwayi woimanso pa upulezidenti n'kuthandiza Ramon Magsaysay, amene atapambana anamutuma ku Washington kukakambirana za malonda. Zotsatira zake ndi pangano la Laurel ndi Langley, limene analimaliza mu Disembala 1954 ndipo linagwira ntchito mpaka 1974. Linachotsa mphamvu ya America pa mtengo wa peso ndi kusintha misonkho mokomera katundu wa Philippines, koma linakulitsanso ufulu wa Aamerika wochita malonda aliwonse m'dzikolo mofanana ndi eni nthaka, chinthu chimene Recto ndi ena anachidzudzula. Mu 1956, monga wapampando wa komiti ya zamaphunziro, anatsogolera lamulo lokakamiza sukulu zonse kuphunzitsa moyo ndi mabuku a José Rizal, mlembi amene dzikolo limamulemekeza monga ngwazi yake, mpingo wa Katolika ukutsutsa mwamphamvu. Anapuma pa ndale mu 1957 ndipo anamwalira ku Manila pa 6 Novembala 1959. Mwana wake José Jr. anakhala sipikala wa nyumba ya malamulo, José III kazembe ku Japan, ndipo Salvador anakhala wachiwiri kwa pulezidenti Corazon Aquino kuyambira 1986 mpaka 1992.

Kusiyana kwa mabuku anu aja kulinso ndi chifukwa china. Kwa zaka zambiri boma la Philippines silinkamuwerengera Laurel pa mndandanda wa apulezidenti. Anamulowetsa m'zaka za m'ma 1960, pa nthawi ya Diosdado Macapagal, ndipo lero amawerengedwa wachitatu, pambuyo pa Aguinaldo ndi Quezon, Osmeña n'kukhala wachinayi.